Ndinabisa matenda chifukwa cha masese a alamu anga

Inu owerenga, ine ndimayendera ndodo ziwiri. Mwendo wanga wakumanzere anaudula m'munsi mwa bondo. Anthu akamva kuti zinayambira ku mowa amafulumira kupukusa mitu, koma ndinene poyamba pomwe kuti mowa umene ndinamwawo unalibe mlandu. Ine ndi amene ndinabisa matenda, ndipo kubisako kunatsala pang'ono kuwononga mbiri ya mayi wosalakwa.

Kwathu ndi kufupi ndi Ndunde, ndimalima chimanga, nandolo ndi tomato kudimba. Achimwene anga aakulu anakwatira kumudzi wina cha ku Mikolongwe, ndipo akazi awo, amene tonse timawatchula kuti amake Esinati, ndi katswiri wofulula masese. Ndamwapo mowa m'midzi yambiri, koma dzanja ngati la alamu angawa sindinalione. Chimera sagula pamsika. Amanyika okha mapira a m'munda mwawo, n'kuwavundikira ndi masamba a nthochi mpaka atamera, n'kuwayanika pamkeka akuingitsa nkhuku. Phala amaphika mumgolo, thukuta lili kamukamu, osalola wina kugwira mthiko. Mowa ukayamba kuwira mumbiya amaika khutu pakamwa pa mbiyayo ngati akumvetsera mwana wogona, ndipo amadziwa ndi kamvekedwe kokha kuti wapsa kapena ayi. Shuga sathira, kachasu sathira. Mowa wawo umayamba ndi kutsekemera pang'ono, kenako kuwawasa kwake kumabwera mochedwa, ndipo m'mimba mumakhala ngati wadya. Kukacha mutu umakhala wopepuka, umapita kumunda bwinobwino.

Kumudzi kwawoko, chaka chilichonse anthu akamaliza kukolola, midzi yoyandikana imasonkhana pabwalo. Mayi aliyense wodziwa kufulula amabwera ndi mbiya yake: ena masese a chimanga, ena a mapira, ena a mawere, ena thobwa la ana ndi anthu a mpingo amene samwa. Akuluakulu amautchulabe mowawo m'Chilomwe kuti otheka. Chipanda chimayenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, anthu akukangana mwanthabwala kuti wakoma ndi wa ndani. Amene anayambana chifukwa cha malire a munda amapezeka akumwera chipanda chimodzi. Ng'oma zikalira timavina tchopa mpaka fumbi kukwera pamwamba pa mitengo ya mango. Ine ndinali mmodzi wa ovina odziwika, ndipo sindinkaphonya.

Chaka china ndinayamba kumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, thupi n'kumaonda chonsecho ndikudya. Mkazi wanga anandikakamiza kupita kuchipatala ku Boma. Atandiyeza anandiuza kuti ndili ndi matenda a shuga. Adokotala anandifotokozera mwachifatse: ndizimwa mankhwala osadumphitsa, mowa ndiusiye, ndizivala nsapato nthawi zonse, ndipo ndiziyang'ana mapazi anga chifukwa matendawa amapha mitsempha, munthu umatha kuvulala osamva. Ndinavomera zonse ndi mutu, koma mumtima ndinkangoganiza za mbiya ya alamu.

Nditamwa mankhwala kwa kanthawi ndinayamba kupeza bwino, ndiye ndinawasiya. Ndinamuuza mkazi wanga kuti asauze munthu aliyense, makamaka a ku Mikolongwe. Ndinkadziwa khalidwe la amake Esinati. Munthu akaledzera amamulanda chipanda ngakhale akhale wamkulu bwanji, mayi woyembekezera samupatsa ngakhale kadontho. Akanamva za matenda anga, ine ndikanathera pa madzi.

Nthawi ya masika itakwana ndinapalasa njinga kupita kumsonkhano uja. Chaka chimenecho mapira anachita bwino ndipo mowa wa alamu unaposa zaka zonse. Anandipatsa chipanda choyamba monga ankachitira, akuti lilime langa silinama. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti bwanji ndaonda chonchi, ine n'kuyankha kuti ndi ntchito ya kudimba. Ndinamwa, ndinalawanso a mawere a mayi ena, n'kubwereranso kwa alamu. Ng'oma zitayamba ndinavula nsapato, poti tchopa wa nsapato sakoma, n'kulowa m'bwalo.

Ndinavina ngati mnyamata. Amayi ankaimba nthungululu, ine osadziwa kuti ndaponda phale la mbiya yosweka ndipo landicheka kuphazi. Sindinamve kalikonse. Anaona ndi alamu omwewo, madontho a magazi pafumbi paliponse pamene ndaponda. Anandikokera pambali, ananditsuka ndi madzi ofunda, anang'amba chitenje chawo n'kundimanga. Anadabwa kuti bala lakuya chonchi munthu osalimva, ndipo anandiuza kuti m'mawa ndikaonetse kuchipatala. Ndinaseka, ndinati ndi mphamvu ya mowa wawo.

Kuchipatala sindinapite. Ndinkaopa kukafunsidwa za mankhwala amene ndinasiya. Ndinapitiriza kuthirira tomato, nsanza ili kuphazi, ndikuponda matope. Bala silinapole. Phazi linatupa, linayamba kuda, kenako fungo linadzaza m'nyumba. Pamene mkazi wanga ankanditengera kuchipatala cha ku Ndunde n'kuti ndikunjenjemera ndi kutentha thupi. Kumeneko ananditumiza ku Boma, a ku Boma ananditumiza ku Blantyre. Madokotala anayesetsa, koma anati kuti moyo upulumuke mwendo uchoke.

Ndili m'chipatala, kumudzi kunabuka nkhani. Poti palibe ankadziwa za shuga, anthu anafuna chifukwa china. Anayamba kunong'onezana kuti amake Esinati anandithirira mankhwala m'chipanda, ena n'kumati n'chifukwa chake mowa wawo umakoma mosiyana ndi wa anzawo, ena n'kumati chitenje anandimanga chija sichinali chitenje wamba. Mayi amene ankafulula pa maukwati ndi pa ziliza za mudzi wonse anasiya kuitanidwa. Anafulula kamodzi, mbiya inasasa yosakhudzidwa, anakataya kudzala. Zonsezi anandiuza ndi achimwene atabwera kudzandiona, akulankhula maso ali pansi.

Alamu nawo anabwera. Mkazi wanga anali atawauza kale zoona pakhomo la wodi. Anakhala m'mphepete mwa bedi, kenako anati, "Alamu, mukanangondiuza. Ine mowa ndimafulula kuti anthu asangalale, osati kuti ndiziwaika m'manda. Munandisandutsa wokuphani ine osadziwa." Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chilonda.

Masika otsatira ndinapempha achimwene kuti andikweze panjinga yamoto mpaka kubwalo lija. Mbiya zinali zitandandalikidwa, koma ya alamu panalibe, iwo anakhala kutali ndi anzawo. Ng'oma zisanayambe ndinaimirira ndi ndodo zanga pakati pa anthu. Ndinanena za matenda anga, za mankhwala amene ndinasiya, za malangizo amene ndinanyoza, ndiponso kuti munthu yekhayo amene anandiuza kuti ndithamangire kuchipatala ndi amene iwo akumunena. Kenako mayi wina wachikulire, amene ndinamva kuti ndiye ankatsogolera miseche, ananyamuka n'kukagwada pamaso pa alamu. Pano amake Esinati anayambiranso kufulula, ndipo anthu amachoka kutali kudzalawa. Ine ndimapitabe, ndimakhala pampando pafupi ndi oimba ng'oma, botolo la madzi lili pambali panga, ndikuwomba m'manja ena akamavina.

Inu owerenga, mowa wamakolo ndi chinthu chokongola, ndipo amayi amene amaufulula mwaukhondo ndi moleza mtima ndi oyenera ulemu. Pitani kumisonkhano imeneyi, imagwirizanitsa anthu. Koma ngati achipatala akuuzani kuti thupi lanu silikufunanso mowa, mverani, imwani mankhwala anu, ndipo auzeni abale anu kuti akuthandizeni kudziletsa. Kabala kakang'ono musakanyoze. Ndipo mnzanu akadwala, musathamangire kuloza chala amene anamupatsa chakumwa. Mufunseni kaye wodwalayo ngati wanena zonse.