Chaka Chimene Anandiyeza ndi Mpunga

Mpaka lero ndikamva fungo la petulo litasakanikirana ndi la usipa wouma, mtima wanga umathamangira pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Chia, m'nyengo ya mwera, chaka chimene malume anga a Jafali anabwera ndi galimoto kuchokera ku Halale. Inali galimoto yakuda, yotopa, chitseko chimodzi chomanga ndi waya, koma ife ana tinkaipukuta ndi malaya athu ngati ya bwanamkubwa. Tinali titangokolola mpunga, misewu itauma, ndipo malume anati pobwerera atenga mayi anga ndi ine. Bambo anga anapita kukagwira ntchito ku Halaleko ine ndili kumsana, moti nkhope yawo sindinkaidziwa. Ha, tulo tinandithawa!

Ulendowo unakonzedwa pamchenga. Malume ankajambula msewu ndi kamtengo: apa mapiri a ku Ntchisi, apa Dedza, apa dziko la Apwitikizi, ndipo apa Tete, pomwe galimoto imakwera pantoni kuwoloka Zambezi. Asodzi ankaseka mpaka kugwira nthiti, ati galimoto kukwera bwato ndi bodza la matchona. Mayi anapondaponda ku boma kufuna chitupa cha ulendo. Malume anasonkhanitsa zigubu za petulo, namata machubu, ndipo ine ntchito yanga inali kuwamiza m'beseni kuyang'ana thovu. Ndinkaigwira nditavala nsapato zanga zoyamba, zomwe zinkandiluma zala koma sindinkalola kuzivula.

Tsono kwathu kunali mwambo: wapaulendo sakana katundu. Pafupifupi khomo lililonse linali ndi mwamuna ku Halale, ndiye amayi anayamba kufika, wina ndi thumba la mpunga wa faya, wina ufa wa kondowole, wina chambo chowamba chokulunga m'masamba a nthochi. Malume ankalandira ndi manja awiri, pakamwa akumwetulira, pamphumi thukuta lili kamukamu. Asodzi ndiwo anapakira, ndipo anapakira mmene amapakirira bwato, zolemera pakati, zingwe za khoka pamwamba, mpando wakumbuyo wonse utakwiririka. Poyesa kuiyendetsa, galimoto ija inangonyonyomala ngati nkhuku yofungatira mazira.

Malume anazungulira galimotoyo akukanda m'mutu. "Mlongo wanga, iyi siikwera mapiri aja," anatero kwa mayi. "Petulo sangatsale, katundu wa eni sindingabweze. Mwanayu adzapita chaka china." Mayi anangoyang'ana pansi. Ine ndinakakwawira kunsi kwa nkhokwe ndi nsapato zanga zomwe, ndipo ndinalira kulira kwenikweni, kwa misozi ndi mamina omwe. Zinandipweteka kuti mpunga ukaona bambo anga, ine ayi.

Amene anandikoka mwendo kunditulutsa kumeneko anali mayi Asiyatu, oyandikana nafe, a lilime lakuthwa, omwe amuna awo anakhalitsa ku Halale kuposa onse. Anandiguza mpaka pa mango paja, nakuwa kuti mudzi wonse umve: "Wapaulendo sabweza katundu, inde! Nanga ndani ananena kuti mwini wake sangatapeko?" Analamula anyamata kuti apachike mtanda panthambi, chingwe pakatikati. Mbali imodzi anamangako dengu nandikhazika momwemo, mbali ina thumba lopanda kanthu.

Ndiye amayi anayamba kumasula matumba awo. Aliyense ankatapa mbale imodzi kapena ziwiri n'kuthira m'thumba lija, koma ine ndinali ndidakali pansi. "Kamwana kowonda ngati usipa, kulemera chonchi! Ukudya miyala kodi?" ankandiseka, nkhuku zikulimbirana zogwa pansi. Mayi Asiyatu anathira pomaliza, ndipo sanatape ndi mbale ayi, anangopendeketsa thumba lawo. Ndinamva dengu likunyamuka pang'onopang'ono, mapazi anga ali lendelende m'malere. Nthungululu inamveka mpaka kudambo. Malume anapukusa mutu akuseka, nakanikiza matumba opwepwa aja mpaka panaoneka kamalo kokwana ine. Mpunga wa kulemera kwanga unaphikidwa tsiku lomwelo, mudzi wonse unadya, ndipo a shehe anatipangira duwa, pemphero la paulendo.

M'mawa tikunyamuka, mayi Asiyatu anandigwira chibwano pawindo. "Ukafika usakabisale kumbuyo kwa amako," anatero. "Ukaime poyera, amuna onse a kuno akuone."

Za m'njira ndimakumbukira fumbi, matayala kuphulika, ndi galimoto itakweradi bwato pa Tete, zomwe ndinalumbira kuti ndikauza asodzi aja. Bambo anga anali wamfupi kuposa mmene ndinkaganizira. Anandinyamula, nandiika pansi, nandinyamulanso, misozi ili chuchuchu, osachita manyazi. Kenaka amuna a kwathu anabwera kudzatenga katundu wawo, ndipo nditaima poyera paja aliyense ankandifunsa kuti mwana wake wafika pati msinkhu. Ndinkaloza paphewa panga, pakhutu, pachipumi. Amuna a mayi Asiyatu atafunsa za mwana wawo Yusufu, ndinakweza dzanja pamwamba pa mutu wanga mpaka kunyanyamphira. Anangokhala pathumba lawo lopwepwa lija.

Masiku amenewo ndinkadzitama kwa aliyense kuti ndinalemera kuposa mpunga wa mudzi wonse, ndipo ndinkayesa kuti amayi aja anangondimvera chisoni chifukwa ndinalira. Ndinazindikira nditakula, nanenso nditayamba kudikira munthu wa kutali, kuti iwo sanachepetse katundu wawo ayi. Mpunga amuna aja akanatha kudya n'kuiwala. Katundu amene amayi a ku Chia anatumiza ku Halale chaka chimenecho ndinali ine.