Bandeji ya Lachinayi

Atate anga anatuluka mu mgodi wa Kabwe ali pa machira, mwendo wamanzere utang'ambika kuyambira m'bondo. Mnzawo amene ankakumba naye, bambo wa ku Petauke, anamutulutsa atamwalira. Miyala inawatsekera malo amodzi awiriwo. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, ufa tikuupeza pa mzere, ine ndikusoka zovala pakhonde la sitolo ku Katondo, komboni imene tinkakhala.

Mwendo unayamba kupola, koma munthu amene tinabwera naye kunyumba sanali atate aja. Atate anali mtchona wa ku Ntcheu wolongolola, woti ngakhale nkhuku ankaifunsa kumene yachokera. Tsopano ankangoyang'ana khoma. Chakudya ankachikankha. Lamba wawo tinamuboola bowo lina, kenako linanso. Amayi anachotsa chingwe choyanikira zovala n'kuchibisa, ndipo ine sindinafunse chifukwa. Tonse tinkaopa kuti atisiya.

Masiku amenewo wodwala ankamugawa ngati nyama ya pa butchala. Mwendo, kukiliniki. Mutu, kuchipatala chachikulu, kuchipinda china chimene benchi yake inayang'ana kumsewu, aliyense wodutsa n'kumaona amene wakhalapo. Za njala ndi pogona, kwa a welofeya ku boma. Mpaka lero ndikaganiza za benchi ija mtima umandiwawa. Nditawatchulira atate chipindacho anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ine si wamisala." Nkhani inathera pomwepo.

Kukiliniki kokha ndiye ankalola, poti chilonda sichichititsa manyazi. Ndinkawakweza panjinga. Nesi wa kumeneko anali mayi wa mtundu wachilenje, wa manja olemera, wosaseka ndi munthu. Tsiku lina anamasula bandeji, ine ndikuona ndi maso angawa kuti chilonda chatseka. Iye anayang'ana mwendo, anayang'ana lamba uja, n'kutenga bandeji yatsopano.

"Ba sister, si chapola ichi?" ndinafunsa.

"Iwe, ndiwe nurse? Ubwele nabo pa Thursday."

Ndinapalasa njinga ndikung'ung'udza njira yonse.

Lachinayi tinapeza anthu ena awiri m'chipinda chomangira zilonda: bambo woona odwala maganizo wochokera kuchipatala chachikulu, ndi mayi wa welofeya. Nesi anali atawaitana yekha. Sanawabisire atate.

"Batata, aba ni banzanga. Mwendo ni wanga, vinangu mukambe nabo. Panja bantu baona chabe bandage."

Atate anayang'ana bandejiyo nthawi yaitali, koma sanadzuke. Kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse ankamangitsa mwendo wopola, anansi n'kumati chilonda cha mu mgodi n'chovuta. Bambo wa kuchipatala chachikulu uja anawapatsa mankhwala oti azigona, ndipo sankafunsa zambiri. Nthawi zina ankangokhala nawo phee, ine n'kumadabwa kuti boma limamulipira chiyani.

Mvula itayamba, atate anatsegula pakamwa.

"Sindinapepese maliro."

Mnzawo uja anaikidwa iwo ali gone m'chipatala. Pamene ankatuluka, mkazi wake anali atachoka kale m'nyumba za pa mgodi, osadziwika kumene walowera. Kwathu, amene anali ndi munthu pomwalira ndiye amakafotokozera abale mmene wayendera.

"Anafera pamiyendo panga," anatero atate. "Anandituma mawu kwa mkazi wake. Ndikadali nawo. Ndidya bwanji ine?"

Mayi wa welofeya anangogwira pakamwa. Mkazi wamasiyeyo iye ankamudziwa, ndiye ankamuthandiza za ana ake kusukulu. Mkaziyo ankakhala ku komboni ya Kamushanga. Wa welofeyayo anayamba wapita yekha kukamufunsa ngati angatilandire.

Wamasiyeyo tinamupeza akukazinga chimanga pakhomo pa kachipinda ka lendi. Atate anavula chipewa, anakana mpando, n'kukhala pansi padothi, mwendo wa bandeji atautambasula.

"Nenze kuyembekeza imwe," anatero mayiyo. "Bonse baniuza ati anafa pamene apo, sanamvele kubaba. Ine nenze kuziba ni boza."

Ndinachoka n'kukaima kumsewu, chifukwa mawuwo sanali anga. Ndinangomva mayiyo akulira ngati maliro achitika lero, ndipo pansi pa kulira kwake ndinamva kwa atate. Chibadwire ndinali ndisanawamvepo akulira. Ndinachita mantha, koma sindinabwerere mpaka kutakhala bata.

Nditafika, mayiyo anali atawaikira chimanga chokazinga m'mbale. Chakudya cha pamaliro sachikana. Atate anatapa, anatafuna, anatapanso.

Pobwerera ndinagunda dzenje pafupi ndi njanji, njinga n'kudumpha.

"Iwe," anatero atate kumbuyo kwanga, "ukufuna undithyole ndi mwendo winawu? Anakuphunzitsa kupalasa ndani, mbuzi?"

Misozi inanditseka m'maso, msewu osauona bwino, ndipo ndinagunda dzenje lina. Atate anandikalipira mpaka ku Katondo.