Ili Bwino, Amayi

Ndinayamba kuphunzira kulemba nkhani zopeka imvi zitatuluka kale. Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi ku Nancholi kupita ku Mandala, kumene tinkakumana m'kachipinda kena kapamwamba. Tinalipo khumi, ndipo anzangawo onse anali amsinkhu wa ana anga.

Lamulo la aphunzitsi linali lakuti mwini nkhani azikhala chete pamene ena akuikhadzula. Ndipo ankakhadzulanadi, anawo! Koma ikafika yanga, onse ankapinda manja. "Ili bwino, amayi." Wina mpaka kuwomba m'manja ngati ndafupa pa chinkhoswe. Miyezi itatu ndikungodya "ili bwino". Zinkandikwiyitsa zedi. Ine sindinkasiya makina anga osokera Loweruka, tsiku la makasitomala, kuti ndikapatsidwe ulemu. Ulemu ndili nawo wokwanira kutchalitchi. Ndinkafuna kudziwa kulemba.

Ndiye ndinapempha aphunzitsi kuti nkhani yanga yotsatira aigawe yopanda dzina. Inkanena za bambo wina wochokera ku Mozambique, amene analera ana asanu ndi ntchito ya ulonda ku Limbe. Anali bambo anga, koma sindinauze munthu.

Tsiku limenelo pakamwa panatseguka. Mtsikana wina wa ku Chitawira anati ndime yoyamba ndi ulaliki. Kenako anayankhula mnzathu wina, dalaivala wa malole.

"Mdala ameneyu ine sindikumukhulupirira," anatero. "Sakwiya, satopa, amangopemphera basi. Wolembayu mwina akumuopa, mwina akumubisa."

Zinandipweteka, sindinama, chifukwa ndinkadziwa chimene ndinabisa. Bambo anga ankachita manyazi ndi kwawo. Ankatiletsa kuyankhula Chilomwe pabwalo, ndipo tsiku lina anandiwomba khofi nditawayankha m'chiyankhulo chawo chomwe pamaso pa aneba. Zimenezo sindinalembe.

"Nkhaniyi ndi yanga," ndinatero, ngakhale lamulo linkandiletsa.

Mtsikana uja anagwira pakamwa. Dalaivala anazolika, n'kuyamba kutikita manja.

"Pepani amayi, sitimadziwa. Kunena zoona, nkhaniyi ili..."

"Mukamaliza mawu amenewo ndikukokani khutu," ndinamudula.

Ndinatsegula kope langa. Misozi inali pafupi, koma cholembera ndinachigwira ndithu.

"Mwanena za tsamba loyamba lokha," ndinatero. "Masambawa alipo asanu ndi limodzi. Pitirizani."