Galasi Loyeza ndi Luzi Laliwisi

Agogo anga aamuna ndikawakumbukira, chimene chimayamba kufika si nkhope yawo ayi, koma fungo la phala lomatira magalasi, fungo la mafuta lija lokhala ngati nsinjiro zogonera, losakanikirana ndi utsi wa chingambwe umene unakhazikika m'jekete lawo. Ndimawaona atakhala pakhonde, dzuwa la m'mawa likuwawomba m'mawondo, akukanya phalalo m'manja mwawo mokhakhala, nkhunda zikulira padenga, ine ndili chilili pambali pawo, mtima uli m'mwamba, ndikupempha Mulungu kuti galasi lisakwane pazenera. Inde, ndinkapempherera zimenezo, ndipo ndinkatsinzina mwamphamvu kuposa mmene ndinkachitira ku Sande sukulu.

Agogowo, a Kamwendo, kwawo kunali ku Nathenje. Kumudzi kwathu, kuseri kwa Mitundu, anabwera ali mnyamata kudzakwatira agogo aakazi, a Nabanda, n'kukhala pachikamwini mpaka mutu wonse mbuu. Analima minda ya akazi awo, anamanga zigafa za fodya pafupifupi za mudzi wonse, anabereka amayi anga ndi abale awo. Ine ndinakulira m'manja mwa awiriwa, chifukwa makolo anga anali pa esiteti ya fodya ku Kasungu ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Agogo aamuna ankanditcha akazi awo aang'ono, monga amachitira agogo ndi zidzukulu, ndipo ndikapsereza nyemba ankati andisiya ukwati.

Nyumba yathu inali ya zidina ngati zinzake, koma inali ndi chinthu chimodzi chimene nyumba zina zinalibe: zenera la magalasi anayi, loyang'ana kunjira. Akuti pamene ankaliika anthu anang'ung'udza kuti mkamwini asamakule mwendo. Agogo anangoti, "Mwendo ndi womwewu. Koma mkazi wanga asamasoke zigamba mumdima." Pazenera limenelo ndi pamene a Nabanda ankakhala masana onse, kusoka, kusankha nyemba, ndi kuona dziko. Palibe amene ankadutsa ndi nkhuku kunkhwapa osaonedwa.

A Nabanda anamwalira m'nyengo ya mvula, chimanga chikumasula. Tsiku la maliro, anyamata amene ankanyamula benchi la kutchalitchi anatembenuka molakwika pakhonde, ngodya ya benchi n'kugunda galasi limodzi la m'munsi. Phwaa! Nyimbo inadukiza pang'ono, kenaka inapitirira. Agogo anali atalimba mtima kuyambira m'mawa, koma atamva kusweka kuja anaweramitsa mutu, mapewa n'kuyamba kunjenjemera. Anthu atabalalika anatola zidutswa zonse okha, natseka bowolo ndi katoni ya sopo.

Titakolola, panachitika mwambo wometa, ndipo pambuyo pake akuluakulu anakhala pansi kuti awasudzule agogo. Kusudzula ndiko kumasula munthu amene mkazi wake wamwalira, kuti abwerere kwawo. Amene analankhula anali a Bizaliele, mlongo wawo wa a Nabanda, mwini mbumba yathu, munthu wabwinobwino koma wokonda kuti zinthu ziziyenda mmene zimayendera.

"Alamu," anatero, "mlongo wathu mwamusunga bwino mpaka Mulungu wamutenga. Tilibe nanu mlandu. Takumasulani, njira ya kwanu ndi yoyera."

Agogo anawomba m'manja mwaulemu. "Ndamva, ndipo ndathokoza. Ndipita. Koma mundilole ndiyambe ndakonza zenera lija. Nyumba ya mkazi wanga sindingaisiye ikuyang'ana anthu ndi katoni."

Onse anavomera kuti ndi mawu abwino. Ine ndinathamangira kwa agogo a Esinati, mng'ono wawo wa a Nabanda, mayi wapakamwa pakuthwa amene nyumba yake inali kuseri kwa nkhokwe yathu. Ndinawafunsa ngati ndipita ndi agogo aamuna ku Nathenje.

"Upite kuti iwe? Mwana ndi wa kwa amake. Uzidzagona kwa ine."

"Nanga bwanji osangowauza kuti akhale?"

"Malita, mawu a pabwalo sabwezedwa ngati mchere wobwereka. Ndipo agogo akowo, ukuwadziwa, angafe ndi njala koma osapempha malo pamene awaonetsa kale njira."

Ku Nathenje kuja kunalibenso wawo weniweni. Alongo awo anali atatha, otsala anali ana a ana amene ankangowadziwa pamaliro. Ndinalira tsiku limenelo mpaka maso anatupa, ndipo kuyambira pamenepo katoni ya sopo ija ndinayamba kuikonda ngati m'bale wanga.

Patapita masiku, agogo anapita kuthengo, nabwera ndi luzi laliwisi lofundula kumtengo wa mombo, likununkhira utomoni. Analitambasula pazenera, m'litali ndi m'lifupi, namanga mfundo poyambira ndi pothera. Kenaka analikoleka pamsomali wa pakhonde, pamene dzuwa linkawomba tsiku lonse, n'kunena kuti adikira tsiku la msika. Tsiku la msika litafika anati njinga yaphwa. La msika linalo ndi pamene ananyamuka, luzi lili gwaa m'thumba, kupita kwa mnzawo wina, kalipentala wa pa Mitundu wokhoma makabati, amene ankawadulira magalasi otsala.

Pobwera anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Galasi analikulunga m'bulangete, naliberekera kumsana ndi chitenje cha a Nabanda, akupalasa pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Amayi a pachitsime anakuwa, "A Kamwendo, mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi?" Iwo osatembenuka n'komwe anati, "Ndi woonekera mkati ameneyu, mudzadzionere nokha."

Anachotsa katoni, ine ndinayamba pemphero langa lija. Anakweza galasi, naliika m'malo mwake. Pamwamba panatsala mpata woti chala n'kulowa.

"Aaa, taonani akazanga," anatero akupukusa mutu, "kalipentala uja maso ayamba kumuthera."

Anabwezeretsa katoni, galasi nalilowetsa kunsi kwa bedi. Ine ndinazemba kupita kuseri kwa nkhokwe kukavina ndekha, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti Mulungu amamva ana msanga kuposa akuluakulu.

Ulendo wachiwiri anayeza ndi luzi louma lija, koma analisiya m'ndowa ya madzi mpaka tsiku lonyamuka, ati kuti lifewe. Likoke kuno, likoke uko, linatalika. Galasi linabwera lalikulu, linakana kulowa. Tsiku limenelo agogo a Esinati anali pakhonde pathu, akuswa mtedza m'lichero.

"Koma alamu inu!" anatero. "Munthu woti mwamanga zigafa moyo wanu wonse, lero simukudziwa kuti luzi likauma limafupika, likanyowa limatalika? Ngakhale Malita akudziwa zimenezo."

"Ukalamba, mlamu wanga. Mutu wayamba kudontha."

A Esinati anaseka, koma kuseka kuja kunathera panjira. Anasiya mtedza, nawayang'ana agogo nthawi yaitali, agogo ali jegwejegwe ndi katoni yawo, osafuna kukweza maso. Ine pa nthawiyo sindinamvetse, ndinangoona kuti atola lichero lawo n'kumapita mtedza usanathe.

Kenaka chisanu cha mwezi wa Juni chinafika, chija cholowa m'mafupa, chobwera ndi kamvula kowaza. Katoni inanyowa, inafewa, inapindika. Mphasa yanga inali pansi pa zenera lomwelo. Agogo anaisuntha, anatsekera chiguduli, anandifunditsa jekete lawo, koma mphepo ya kwathu simva zimenezo. Ndinayamba kutsokomola, kenaka thupi linatentha, m'nthiti mukubaya ndikapuma. Anandikweza panjinga mpaka kuchipatala, ndipo anamwino atandipatsa mankhwala anati ndi chibayo chikuyamba, mwanayu azigona motentha. Pobwerera agogo sanalankhule njira yonse, anthu amene ankacheza ngakhale ndi mbuzi za eni.

M'mawa mwake ndinawaona pabowo paja atagwira bango louma. Analiika m'litali, nalemba ndi mpeni. Analiika m'lifupi, nalembanso. Anabwereza kuti atsimikize, nkhope ili yoti sindinaionepo.

"Agogo, luzi lija bwanji?"

"Luzi latha ntchito, mayi."

"Chifuwa chatha, agogo. Tamverani, ndikupuma bwinobwino." Ndinakoka mpweya kuti ndiwaonetse, chifuwa n'kundigwira mpaka misozi.

Sanadikire tsiku la msika. Dzuwa lisanapendeke anali atabwera ndi galasi, ndipo m'mawa wotsatira ndi umene ndimaukumbukira uja, wa fungo la phala ndi nkhunda padenga. Anayamba ndi kupala phala lakale ndi mpeni wobuntha, likugwa ngati zikhokho, nazula timisomali tadzimbiri, nasesa fumbi la m'mphepete ndi nthenga ya nkhuku. Phala latsopano analikanya mpaka linafewa, nalipota ngati chingwe, naliyala mozungulira felemu. Galasi linalowa mwakachetechete, kutsala kampata kochepa kwambiri mbali zonse.

"Galasi salipanikiza," anatero, ngati akulankhula okha. "Umalisiyira popumira, apo ayi kukatentha limadzisweka lokha."

Anakhoma timisomali ting'onoting'ono, hamala ikutsetsereka pagalasi osaligunda, kenaka anamata phala lina pamwamba, nalisalaza ndi mpeni wonyowa. Pangodya pamene mpeni unakana anadinikiza ndi chala chawo chachikulu, chidindo cha chalacho n'kutsala pomwepo. Atapukuta galasi ndi nyuzi yakale, kuwala kunalowa m'nyumba, kunagwera pamalo pamene a Nabanda ankakhala. Kunali kokongola, ndinene zoona, koma ine ndinadana nako kuwala kumeneko ndi mtima wanga wonse.

Tsiku lotsatira anamanga katundu panjinga: bulangete, khasu, hamala, kapoto kamodzi ndi Baibulo lawo lothothoka chikuto. Munthu wakhala pamudzi kuyambira unyamata, katundu wake osadzaza n'keliyala yomwe. Anthu anasonkhana kudzatsanzikana, a Bizaliele ali poteropo akukanda pansi ndi ndodo. Ine ndinagwira chishalo cha njinga, ndinangoti ndione amene andichotse.

Ndiye tinangomva, "Alamu! Ulendo wa kuti umenewo?"

Anali a Esinati, akutuluka kuthengo, chitenje chili chonyowa ndi mame mpaka m'mawondo, zisoso zitawamatirira paliponse. M'manja anali ndi luzi laliwisi, lofundula kumene, likuchucha utomoni.

"Akulu anga akhala moyo wawo wonse akuona njira pagalasi, ine ndife ndikusuzumira pabowo ngati mbewa? Ndinakulakwirani chiyani? Kandiyezereni zenera langa. Mukamaliza mudzapita kwanuko, palibe akukuletsani." Anawaponyera luzi lija pachiwongolero. "Ndipo muyezere limeneli. Za mabango zanuzo kwanga ayi."

Nyumba ya a Esinati inalibe ngakhale felemu, linali bowo chabe lotseka ndi thabwa, ndipo aliyense ankadziwa. Maso onse anapita kwa a Bizaliele. Iwo anatsokomola, nayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula mu Julayi.

"Zoona," anatero. "Ntchito siisiyidwa pakati. Mukatha kumeneko, alamu, mudzaonenso kwathu. Mayi akunyumba akhala akudandaula za mdima."

Agogo anatenga luzi lija, nalinunkhiza, nalikoka pang'ono.

"Laliwisi kwambiri ili, mlamu. Ntchito yake ichedwa."

"Wakuuzani ndani kuti tikufulumira?" anatero a Esinati.

Zingwe za katundu ndinamasula ndine, ndi mano omwe, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi, mamina ali chuu, wopanda ndi manyazi omwe.

Agogo anakhala nafe mpaka ndinamaliza sekondale, ndipo anagona kumanda a kwathu, pafupi ndi akazi awo. Zenera la a Esinati linayezedwa chaka ndi chaka, tikangokolola, anthu akuonerera ndi kupereka nzeru, koma galasi silinalowepo. Nyumba yathu ija ilipobe, akukhalamo msuweni wanga, ndipo chidindo cha chala chija chikadali pangodya, cholimba ngati mwala. Ndikapita ndimaikapo chala changa, mpaka lero sichidzaza.

Pano ndinakwatiwa, ndimakhala ku Nathenje, kwawo kwa agogo kumene sanabwerereko, ndipo galasi likasweka pakhomo panga sindiitana munthu. Ndimayeza ndi tepi, ndimakanya phala ndekha, anzanga oyandikana nawo n'kumadabwa kuti mzimayi wa mtundu wanji ameneyu. Amayi anatisiya chaka chatha. Abambo, amene nawonso anasudzulidwa, anabwera kuno ati kudzangotiona, ndipo sabata iliyonse amayamba nkhani yoti munthu sakalambira pakhomo pa mkamwini, ayenera kumapita. Dzulo ndinawapeza akupinda malaya awo. Ndinawatengera kukhitchini, ndinawaonetsa galasi limene linang'aluka kalekale, n'kuwafunsa ngati angachoke akusiya mwana wawo akuphika pamphepo.

Anafunsa kumene kuli tepi. Ndinati inasowa, koma kuseri kwa nyumba kuli kamtengo ka mombo.