Nkhanu Yomangidwa ndi Ulusi

Boma litanditumiza kukaphunzitsa ku Wenya, m'boma la Chitipa, kutali ndi kwathu, nthawi ya chipani chimodzi, ndinkaweta nkhanu m'beseni lagalasi kuti ana aziphunzirirapo sayansi. Ndinaiikira mchenga ndi miyala, koma tsiku lililonse inkatuluka n'kukabisala kuseri kwa kabati.

Tsiku lobwera a insipekitala, bambo a ku Mulanje, ndinaimangirira kumwala ndi ulusi wakuda.

"Yakhazikika bwanji chonchi, aphunzitsi?" anafunsa.

"Yangozolowera malo, bwana," ndinanama.

Anawerama, nauona ulusiwo. Anayang'ana chithunzi cha Pulezidenti pakhoma, kenaka anandinong'oneza kuti, "Nafenso ku Chitipa kuno tinazolowera chomwechi."

Lipoti analemba labwino. Atangochoka ndinadula ulusiwo, nkhanu ndinakaisiya kumtsinje. Ine ndinakhalabe ku Wenya zaka zina zisanu.