Thonje pamimba pa Lameki

Lameki anali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Mkanda. Anachokera ku Dedza chaka cha riferendamu, nakwatira Esitele, nabereka naye ana atatu. Zala zake zinkadziwa fodya. Akangogwira tsamba ankanena ngati lafewa kapena lidikire mame.

Koma m'mimba mwake munali moto. Unayamba dzinja lina chimanga chikumasula, ndipo sunazimenso. Lamba anasiya kumanga, buluku ankangolikoleka ndi luzi. Popalira ankagwada pamzere, khasu lili poteropo. Mankhwala a njoka zam'mimba anamwa, mphini anatemedwa, magazi anayezetsa kawiri, osapezeka kanthu.

"Matenda osaoneka ndi ulesi," ankatero Goliati, mlongo wake wa Esitele, mwini mbumba. "Wosalima pamudzi pano sakhala."

M'chilimwe cha 2003 kuchipatala kunabwera dokotala wamkazi woyeza ululu pokhudza khungu. Goliati anamukweza Lameki panjinga, nalowa naye m'chipinda kuti adzimvere yekha. Dokotala anatenga thonje, kachitsulo kozizira ndi kasingano kobuntha. Anayamba padzanja, kenako pamimba.

"Apa mukumva bwanji, bambo?"

Thonje lija linaotcha ngati khala la moto. Koma mkamwini salira pamaso pa alamu ake. Lameki analuma mano.

"Palibe kanthu, adokotala."

"Nanga apa?"

"Bwinobwino."

Pobwerera Goliati ankapalasa akuimba mluzu. "Mwanena nokha, alamu. Ine ndangokhala mboni."

Mvula yoyamba isanagwe, abale anakhala pansi namuuza Lameki kuti abwerere kwawo. Ana ndi a kuchikazi, anatsala. Esitele anamukazingira mtedza wa panjira, misozi ili mbwembwembwe, koma alongo ake sanawatsutse.

Ndi kamtolo kake pamutu, Lameki anadzeranso kuchipatala, yekha.

"Tsinzinani," anatero dokotala.

Thonje litangokhudza pamchombo, bambo uja anakuwa: "Mayo ine!"

"Thukuta lanu ndinaliona tsiku lija, koma pakamwa panu panakana. Mitsempha yanu yakwiya, ikumva kuwawa ngakhale pamene palibe bala. Amenewa ndi matenda, bambo, si ulesi ayi."

Anamupatsa timapilitsi ting'onoting'ono ndi kalata yotsimikizira matendawo. Pofika masika moto uja unali utachepa ndi theka. Kalatayo Lameki anaitumiza kumudzi kwa Esitele ndi munthu wogula mtedza. Yankho linabwera pakamwa: Goliati akuti pepala sililima, ndipo Esitele akufunsiridwa ndi wina.

Ku Dedza sanabwerere. Anakalowa utenanti paesiteti ina ya fodya cha ku Kachebere. Lamba amamanga tsopano, ndipo ndime yake amaitsiriza dzuwa lisanafike paliwombo. Chaka chilichonse mitengo ikayamba kuphuka masamba ofiira, amatumizira ana ake madiresi awiri ndi kabudula mmodzi. Msinkhu wa anawo amangoganizira.