Zenera la ku Kitwe Litakana Kutseguka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera m'kwaya. Atate anali atachotsedwa ntchito kampani yaboma itagulitsidwa, ndipo ine, ngakhale ndinali ndi kasatifiketi ka kompyuta, ndinkagulitsa tomato ndi amayi kwathu kukomboni ya George. Ba Mwanza, amene ankaimba besi kutchalitchi kwathu, ndiwo anandiuza kuti kukampani yogulitsa feteleza komwe ankasamalira makompyuta kukufunika munthu wachiwiri.

Anandiphunzitsa milungu isanu yokha, n'kupeza ntchito ku Botswana. Ndinatsala ndekha m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yosungiramo matumba. A muofesi ankadyera limodzi masana, ine ankandikumbukira chinthu chikafa. Kunyumba nako kunalibe womvetsa ntchito yanga. Amayi ankauza anthu kuti ndimataipa makalata.

Seva yathu, kompyuta yaikulu yosunga zonse za kampani, inali ku Kitwe. Pulogalamu yotulutsa mapepala onyamulira katundu inkayenda kumeneko. Ife tinkalowa ndi lamulo la ssh -X, zenera lake n'kuonekera pa sikirini kuno ku Lusaka.

Lolemba lina, mvula yoyamba itangogwa, zeneralo silinabwere. Popanda mapepala lole siinkatuluka, ndipo malole anali atandanda mpaka kumsewu. Ba Lungu, manejala wathu, anaima pakhomo osalowa.

"Ba Esnart, madalaiva bali panja kuchoka kuseni. Ngati vakukangani kambani chabe, tisakile munthu wina."

Ndinalemba echo $DISPLAY kuti ndione ngati seva ikudziwa kotumiza zenera, yankho linali labwinobwino. Ndinayesa xclock, kawotchi koyesera ngati zithunzi zikudutsa, koma kanakanidwa kuti chilolezo n'cholakwika. Ndinatsegula fayilo ya malamulo ya sshd_config, mzere wa X11Forwarding, wonena za kutumiza mazenera, unali wololeza. Nzeru zinandithera. Ndinaimba nambala ya ku Botswana katatu, foni inangolira. Ndinakhala pansi ndikuganiza za atate ali pampando kunyumba tsiku lonse, ine n'kukakhala nawo.

Popeza panalibe wofunsa, ndinalowanso ndi ssh -v -X, lomwe limaonetsa chilichonse chikuchitika, n'kumawerenga mzere ndi mzere chala chili pagalasi. Kumapeto ndinaona kuti pulogalamu ya xauth ikulephera kulemba fayilo ya .Xauthority, momwe mumakhala kiyi wolola zenera kudutsa. Uthengawu unalipo kuyambira m'mawa, mantha ndiwo anandichititsa kuudumpha. Ndinalemba df, lamulo loonetsa malo otsala. Disiki inali yodzaza.

Nditafufuza chinaidzaza, ndinapeza kuti anali makalata. Tsiku lililonse seva inkalembera Ba Mwanza lipoti lalitali, osadziwa kuti mwiniwake anachoka miyezi inayi yapitayo. Omalizira onse ankachenjeza kuti malo akutha. Ndinasunga atsopano, akale n'kufufuta, ndinatuluka n'kulowanso. Kawotchi kanaoneka pakona, kenako zenera lalikulu, pulinta n'kuyamba kulira.

Ba Lungu anasuzumira. "Vasebenza? Chabwino." Anapita kukakuwira madalaiva.

Madzulo mu minibasi ya ku Lilanda, pobwerera kunyumba, ndinkafunitsitsa kuuza munthu, koma ndikanayambira pati? Ndinangoyang'ana matope panja.

M'mawa mwake ndinasintha adiresi kuti malipoti azibwera m'dzina langa, ndipo ndinkawawerenga ndisanavule n'komwe juzi. Mpaka lero, zenera likakana kutseguka sindithamangira foni. Ndimayamba ndawerenga zomwe makina alemba, mpaka mzere womaliza, chifukwa nthawi zambiri amakhala atanena kale vuto lawo, womva ndiye panalibe.